Mutu 6: Mboni ya Pamasitepe

Nkhani iyi ndinaimva Loweruka masana kwa azakhali ake a Nyerere, mayi amene amasoka zovala m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya nsapato. Ankandiuza uku akugwira ntchito, mapini ali kukamwa. Ndikuinena mmene anandiuzira, sindiwonjezerapo kanthu.

1. Lolemba pa buleki

Nyerere anali mtsikana wa Fomu 4. Dzinalo anamupatsa ndi anzake chifukwa anali wochepa thupi koma wosakhazikika pansi. Makolo ake ankagwira ntchito kutali, ndiye ankakhala ndi azakhali akewo.

Kalasi yawo inali pamwamba. Belu la buleki likalira, ana onse ankathamangira pa masitepe nthawi imodzi, chonsecho masitepewo ndi opanikiza ndipo amakhota pakati. Tsiku limenelo Nyerere atangofika pamwamba pa masitepe, chingwe cha nsapato yake chinamasuka. Anawerama kuti amange, anthu akumudutsa uku ndi uku.

Ali chiweramire, anamva mawu a Chitsulo.

"Tandipatsa njira iwe! Ukuyenda ngati nkhalamba bwanji?"

Kenako kunamveka phokoso la chinthu cholemera chikugubuduka, atsikana n'kuyamba kukuwa. Nyerere atadzutsa mutu anangoona misana ya anthu. Anadzipanikiza pakati pawo mpaka anafika pa khona. Pansi penipeni panali Kamagalasi ali thapsa, magazi akutuluka pamwamba pa khutu. Chitsulo anali chiimire pakhonapo, kukamwa kuli yasa.

Kamagalasi anali mnyamata wofatsa, wa magalasi okhuthala, wosalimbana ndi munthu. Chitsulo anali goloboyi wa timu ya sukulu, wamtali, wa mawu ngati wailesi yotsegula mpaka kumapeto. Anali atamenyanapo ndi anzake kawiri, ndipo ahedi anamuuza pamaso pa amayi ake kuti akadzangobwerezanso, sukulu yathera pomwepo. Mayeso omaliza anali pafupi.

Aphunzitsi ena ananyamula Kamagalasi pa galimoto yawo kupita naye kuchipatala ali chikomokere. Ahedi, mayi wa imvi zoyamba kumene, anaimika ana onse pakhonde.

"Ndani waona mmene zachitikira?"

Ana anayang'anana. Kenako wina kumbuyo anati, "Nyerere anali pamwamba penipeni, waona zonse."

Monita wa kalasi nayenso anakweza mkono.

"Awirinu, Lachitatu m'mawa mubwere ku ofesi ndi makolo. Komiti ya mwambo ikhala pansi. Iwe Chitsulo, tenga chikwama chako ukadikire kunyumba."

Nyerere anafuna kunena kuti sanaone bwinobwino, koma ahedi anali atatembenuka kale.

2. Ankolo

Masana amenewo anafika kunyumba azakhali ali ku shopu. Sanavule n'komwe yunifolomu. Anakhala pa bedi n'kutulutsa foni pansi pa pilo.

M'fonimo munali pulogalamu ija yoyankha mafunso ngati munthu. Ana a sukulu ankangoitchula kuti Ankolo, ati chifukwa ndi ankolo okhawo amene sakalipa, satopa, komanso sakutuma kugolosale. Nyerere ankawafunsa chilichonse: masamu, chimangirizo, mmene angamuyankhire mnzake akamunyoza, ngakhale diresi yoti avale. Zinafika poti aphunzitsi akamufunsa funso m'kalasi, dzanja linkapita lokha m'thumba kufuna foni, chonsecho foniyo ili kunyumba.

Analemba zonse mothamanga. Analemba za belu, za mawu a Chitsulo, za magazi, ndi za Lachitatu.

"Pepani kwambiri, zimenezi n'zoopsa," Ankolo anayankha. "Ndikufunseni pang'ono kuti ndimvetse. Chitsuloyo anali kumbuyo kwa mnzakeyo?"

"Ndikuganiza choncho."

"Mawu amene munamvawo anali aukali?"

"Amayankhula choncho nthawi zonse. Koma eya, anali aukali."

"Anayamba wapwetekapo munthu?"

"Kawiri konse."

Nyerere anadikira pang'ono, kenako analembanso. "Ndiye kuti anamukankha eti, Ankolo?"

"Pa zimene mwandiuzazi, n'kutheka ndithu kuti anamukankha. Koma ine kunalibeko. Amene mukudziwa zimene munaona ndinu."

Chiganizo choyambacho anachiwerenga kawiri. Zotsatirazo chala chinangozidutsa.

"Ine pamaso pa akuluakulu lilime limamangika," analemba. "Ndikonzereni mawu oti ndikanene, omveka bwino."

Mawu anatsika pa foni ngati madzi a pampopi.

"Ndinali pamwamba pa masitepe. Ndinamva Chitsulo akukalipa. Kenako anatambasula dzanja lamanja n'kumukankha mnzakeyo pakati pa msana. Mnzakeyo miyendo inamuthera mphamvu, ndipo anagwa chamutu."

M'munsi mwake munali kamzere kakuti asinthe paliponse pamene sipakugwirizana ndi zimene anaona. Koma akanasintha pati? Mawuwo anali osalala, olongosoka kuposa chipwirikiti chimene chinali m'mutu mwake. Anawawerenga mokweza. Anawawerenganso akutsuka mbale, n'kuwanenanso pamtima akusita bulauzi.

Kutacha Lachiwiri, akangotsinzina ankaliona dzanjalo. Ankaona ngakhale kabandeji kamene Chitsulo amamanga pa chala cha pakati.

Kusukulu anzake anamuzungulira asanaike n'komwe chikwama pansi.

"Nyerere, tatiuza! Anamukankha ndi dzanja limodzi kapena awiri?"

"Limodzi. Lamanja."

"Ndinanena ine! Chimunthu chimenechija n'chilombo."

"Ati Kamagalasi sanadzukebe. Akamwalira, Chitsulo apita kundende."

Tsiku lonse nkhani inali yomweyo. Nyerere anaifotokoza pa buleki, anaifotokozanso pa mzere wa kumpopi. Atsikana amene sankamulabadira n'komwe anamusungira malo pa benchi. Nthawi iliyonse akaifotokoza, dzanja lija linkaoneka bwino kuposa poyamba.

3. Ku shopu

Ataweruka anadzera ku shopu kukathandiza kusoka mabatani. Kachipindako n'kopanikiza. Makina osokera ali pawindo, tebulo lodulira nsalu lili pakati, ayironi pakona, madiresi a eni ake atapachikidwa pa waya. Pa benchi ya makasitomala anapezapo mayi wina wovala epuloni ya ku lesitilanti, manja ataika pamiyendo.

"Awa ndi amayi ake a Chitsulo," azakhali anatero. "Akudikira iwe."

Nyerere anapereka moni.

"Mwanawe, usaope," mayiwo anatero. "Sindinabwere kudzakupempha kuti uname. Mwana wangayo ndimamudziwa, pakamwa pake mpoipa, ndipo sachedwa kuponya chibakera. Ngati anamukankha, ukanene kuti anamukankha, ine ndikalira ndekha kunyumba. Koma iye akulumbira kuti sanamukhudze. Chichokereni dzulo sanalawe kanthu. Ukanene zimene unaona ndi maso akowa basi. Ndapita, ndangothawa kuntchito."

Atatuluka, azakhali anaimitsa makina.

"Tandiuza zimene ukanene mawa."

Nyerere anaimirira mowongoka n'kulakatula zonse, osapunthwa ngakhale pamodzi.

Azakhali anaika sizasi pa tebulo.

"Ati miyendo inamuthera mphamvu. Ati pakati pa msana. Iwe unayamba liti kuyankhula ngati wowerenga nkhani pa wailesi? Si iwe ukamandiuza za kumsika umayambira kumapeto, ine n'kumachita kulumikiza ndekha?"

"Ndakonzekera basi, azakhali."

"Wakonzekera ndi ndani? Ndi ankolo ako aja? Ine abale a amayi ako ndimawadziwa onse, wokhala m'foni palibepo."

Nyerere anayang'ana pansi. "Angondithandiza kusanja mawu. Zinazo ndinaona ndekha."

"Khala pansi undimvere," azakhali anatero, n'kuchotsa tepi yoyezera m'khosi. "Ine chinthu chakocho sindidana nacho. Tsiku lija chinatithandiza kumvetsa za mankhwala anga a shuga, ndinathokoza. Koma pali ntchito zina zosatuma wina. Pa shopu pano amabwera azibambo ndi muyeso wa pakamwa. Amati mkazi wanga ndi wotere, m'chiuno mwakuti, kutalika ngati inuyo, musokeretu ndikamudzidzimutse. Kale ndinkavomera. Diresi inkatuluka yokongola, mizere yowongoka, aliyense wolowa muno n'kumaisirira. Mwini wake akabwera kudzayesa, zipi osatseka. Kusoka ndinasoka bwino, koma munthu amene ndinamusokerayo kulibe, ndinachita kumuganizira. Masiku ano ndimakana. Ndimati abwere ndimuyeze ndekha.

"Ankolo akowo pa masitepe panalibe. Asoka nkhani pa muyeso umene wawapatsa iwe, ndipo pamene nsalu inaperewera aikapo chigamba chawo. Vuto lake chigambacho n'chofanana ndi nsalu, sungachione. Mawa mwana wa eni ake akachotsedwa sukulu, sadzati anandichotsetsa ndi foni. Adzati Nyerere. Amayi ake akamadzadutsa pakhomo pano adzayang'ana iwe ndi ine. Kuchita chibwibwi si mlandu, mwana wa mchimwene wanga. Ukachite chibwibwi, ukayambire kumapeto mmene umachitiramo, bola zimene ukanenezo zikhale zako."

Misozi inalengeza m'maso mwa Nyerere. "Ndiye mukuti ndikunama?"

"Sindinatero."

"Ndinaliona dzanjalo, azakhali! Mpaka bandeji ndinaiona!"

Azakhali anamukankhira kabotolo ka mabatani, n'kupondanso makina.

4. Mu ofesi ya ahedi

Lachitatu m'mawa azakhali sanatsegule shopu. Foni ya Nyerere anaiika m'chikwama chawo, chifukwa sukulu siilola ana kulowa ndi mafoni.

Ofesi ya ahedi ndi yaing'ono, anachita kubweretsa mipando ya m'kalasi. Kuseri kwa tebulo kunakhala ahedi, aphunzitsi a masamu, ndi bambo wina wojintcha woimira makolo, amene onse ankangowatchula kuti atcheya. Kumanzere kunali Chitsulo ndi amayi ake. Kumanja kunali bambo a Kamagalasi, malaya ali okwinyika, maso ali psuu. Anachokera kuchipatala, ndipo mwana wawo anali asanatsegulebe maso. Monita anamusiya panja kuti mboni zisamverane.

Woyamba kuyankhula anali Chitsulo. Mawu ake aakulu aja anali atathawa.

"Kukuwa ndinakuwadi, Madamu. Koma sindinamukhudze. Kumbuyo kwanga anthu ankakankhana, ine ndinagwira khoma kuti ndisagwe. Ndinangoona munthu akupita."

"Ulendo wathanso unatero," atcheya anatero. "Ati sindinamukhudze. Ndiye kuti mnzako uja dzino linangochoka lokha eti?"

Chitsulo anazyolika.

Aphunzitsi a masamu anayang'ana pa pepala lawo la mafunso. "Nyerere, imirira. Unali pati, ndipo unaona chiyani?"

Nyerere anaimirira. Atangotsegula pakamwa, mawu aja anatuluka okha, mwandondomeko, ngati ndakatulo ya pa asembule. Masitepe, kukalipa, dzanja lamanja, pakati pa msana, miyendo, chamutu.

"Nyerere!" Chitsulo anakuwa, n'kufuna kudzuka. Amayi ake anamukokera pansi.

Bambo a Kamagalasi anaphimba nkhope ndi manja.

"Mwana wolongosoka uyu," atcheya anatero. "Khala pansi, mama."

Nyerere anakhala pafupi ndi azakhali. Azakhaliwo maso anali pa simenti.

Anaitana Monita. Analowa tayi ili bwinobwino, manja kumbuyo.

"Ndinali pamwamba pa masitepe, Madamu. Ndinamva Chitsulo akukalipa. Kenako anatambasula dzanja lamanja n'kumukankha pakati pa msana. Mnzathuyo miyendo inamuthera mphamvu, n'kugwa chamutu."

Nyerere anadzutsa mutu n'kumuyang'anitsitsa Monita.

Atcheya anamenya tebulo ndi chikhatho. "Basitu. Ahedi, ana awiriwa amacheza?"

"Ayi. Sagwirizana n'komwe, anakanganapo pa nkhani ya kusesa mpaka inafika muno."

"Ndiye taonani. Mboni ziwiri zosacheza, sizinamverane, koma mawu amodzimodzi. Umboni woposa apa tiupeza kuti? Tisachedwe, enafe tili ndi ntchito."

Ahedi anapumira m'mwamba, n'kutsegula cholembera kuti alembe chikalata chomuchotsa Chitsulo sukulu. Amayi a Chitsulo anayamba kulira chamumtima, mapewa okha akugwedezeka.

Nyerere anakumbuka kuti Lolemba lija potuluka m'kalasi anamusiya Monita akufufuta pa bolodi. Ndiye kuti anali kumbuyo kwake. Anatsinzina kuti alionenso dzanja lija. Linalipo ndithu, ndi bandeji yake. Koma ankaliona cham'mbali ngati mu filimu, kuchokera pamalo pamene iye sanaimepo. Ndipo bandejiyo Chitsulo amamanga tsiku la mpira lokha. Lolemba kunalibe mpira.

Cholembera cha ahedi chinali chitayamba kale kuyenda.

5. Nsapato

Mpando unalira pa simenti. Onse anatembenuka, n'kuona Nyerere ataimirira.

"Madamu... ine... ndinkamanga nsapato."

"Wati bwanji?"

"Nsapato. Chingwe chinamasuka, ndiye mutu unali pansi. Ayi, poyamba belu linalira, kenako nsapatoyo. Mawu ndinamva. Phokoso ndinamva. Koma dzanjalo sindinalione."

Ahedi anaimitsa cholembera.

Bambo a Kamagalasi anadzambatuka. "Mwana iwe! Pompano wanena kuti unaona! Akuopseza eti? Ndamva kuti mayi awa anali ku shopu kwanu dzulo!"

"Ndinapitadi, bambo," amayi a Chitsulo anatero, "koma ine..."

"Mwana wanga ali gone ndi mapaipi m'mphuno, inu mukuyenda m'mashopu kukonza mboni!"

Azakhali anaimirira. "Bambo, pepani, ululu wanu tikuumva tonse. Mayiwa anabweradi, ndipo ine ndinalipo. Akanati mwanayu aname, ndikanawathamangitsa ndi ayironi. Mulekeni amalize."

"Azakhali, ndipatseni foni," Nyerere anatero.

Anaitsegula n'kuiika pa tebulo la ahedi ndi manja awiri.

"Mawu ndinanena aja si anga, Madamu. Anandikonzera ndi Ankolo. Ndinawawerenga kambirimbiri mpaka ndinayamba kuziona. Sindimafuna kunama. Ndimaona ngati ndinaonadi."

"Ankolo ake ati?" atcheya anafunsa. "Amagwira ntchito pa sukulu pano? Nanga bwanji sanabwere okha kudzachitira umboni?"

Aphunzitsi a masamu anawanong'oneza kukhutu. Atcheya anayang'ana foniyo ngati iluma.

Ahedi anavala magalasi n'kuwerenga zonse mokweza, kuyambira pamwamba. Atafika pa mawu akuti ine kunalibeko, anaima, n'kuwabwereza. Kenako anayang'ana Monita.

"Iwenso unafunsa komweku?"

Monita anagwedeza mutu movomera. "Ndinangofuna kuti andikonzere mawu, Madamu."

"Pamene mnzako amagwa unali pati?"

"Pa... pakhomo la kalasi. Koma ndinaona, Madamu. Ndikuganiza kuti ndinaona. Aliyense ankanena kuti wamukankha." Misozi inayamba kutsika. "Panopa sindikudziwanso."

Aphunzitsi a masamu anapinda pepala lawo pang'onopang'ono. "Madamu, kunena chilungamo, ngakhale mafunso ndimafunsawa ndinakonzetsa komweko dzulo."

Atcheya anagwira mutu.

Ahedi anatseka cholembera chija, n'kuchiika pambali.

"Ana inu ndimvereni, ndipo akuluakulu nafenso timve. Pa mpando uno ndakhalapo nthawi yaitali. Mwana wonama ndimamudziwa. Amayang'ana kumbali, ndipo ukamufunsa kachiwiri nkhani yake imasintha. Tinaphunzitsidwanso kuti mboni ziwiri zikanena zofanana, ndiye kuti n'zoona. Lero ndaona ana awiri ondiyang'ana m'maso, osanama, onena zofanana, koma zimene akunenazo sanazione. Ndinatsala pang'ono kusaina. M'malamulo a sukulu ino muli za fodya, za ndewu, za kujomba, za siketi yaifupi. Za ichi mulibe ngakhale mzere umodzi. Ine sindinakonzekere, atcheya sanakonzekere, ndipo sindikudziwa ngati alipo amene anakonzekera.

"Chinthuchi chinakuuzani poyera kuti kunalibeko. Inu munachipatsabe ntchito yokumbukira, ntchito imene ndi ya mutu wanu. Samu ukaipereka kwa wina kuti akuchitire, waluza samu imodzi, mawa ukhoza kuiphunzira. Koma zimene unaona ndi maso ukazipereka kwa wina kuti akukonzere, zimabwerako zitasintha, ndipo zoyamba zija suzipezanso. Monita uyu angafune bwanji, sangabwererenso pa Lolemba kukaonetsetsa. Tsiku lina mudzakhala anamwino, apolisi, oweruza milandu. Mukadzazolowera kufunsa foni kuti munaona chiyani, anthu adzavutika m'manja mwanu inu musakudziwa n'komwe kuti mukulakwa."

"Ndiye mukuti mwana wanga anagwa yekha?" bambo a Kamagalasi anafunsa. Ukali unali utatha, mawu anali osweka.

"Sindinatero, bambo. Mwina anakankhidwa, mwina anaterereka. Chimene ndikunena n'chakuti muno mulibe amene akudziwa. Chitsulo sitimuchotsa lero, komanso sitinena kuti alibe mlandu. Akhalabe kunyumba. Mboni yatsala imodzi, ndi mwana wanuyo akadzuka."

6. Pakhonde

Atatuluka anapeza nkhope za ana zili mbwee m'mawindo a makalasi. Nkhani inali itafika kale kumeneko, kaya inadzera pati.

"Mboni ya Ankolo!" wina anakuwa kuchokera pamwamba, ena n'kuseka.

"Dzulo umati lamanja, lero lasanduka nsapato?"

Nyerere anayenda maso ali pansi. Chitsulo anamutsekera njira.

"Unayambiranji kunena zija?"

"Pepa."

"Pepa wakoyo akandilembera mayeso? Ndikhalabe pakhomo anzanga akuphunzira."

Amayi ake anamukoka malaya. "Tiye iwe, ulibe manyazi? Akanangokhala chete, bwenzi pano uli ndi chikalata m'manja." Podutsa, mayiwo anamugwira Nyerere paphewa.

Nthawi yomweyo foni ya bambo a Kamagalasi inalira. Anaitulutsa mwachangu mpaka inatsala pang'ono kugwa.

"Halo, mayi a mwana? Mwati bwanji? Wadzuka?"

Aliyense pakhondepo anaima. Ahedi anatulukira pakhomo la ofesi. Bambowo anatsamira khoma.

"Akuyankhula? Wakuzindikirani? Ambuye, zikomo."

Anamvetserabe, kenako nkhope inasintha. Anatsitsa foni n'kuyang'ana ahedi.

"Wadzuka. Koma za pa masitepe sakukumbuka. Akuti chomaliza akukumbuka ndi belu. Akungofunsa kuti chinandichitikira n'chiyani."

Chitsulo anakhala pansi pa simenti pomwepo, mutu pakati pa mawondo.

Nyerere sanayang'ane azakhali, sanayang'anenso ahedi. Anangopita kukaima pamaso pa bambowo, manja atagwirana.

"Bambo, chonde, asamuuze."

"Iwe ukufunanso chiyani?"

"Asamuuze kuti anakankhidwa. Asamuuzenso kuti anaterereka. Aliyense asamuuze kanthu. Akangomuuza, adzaliona dzanjalo ngati mmene ndinalionera ine, ndipo adzalumbira kuti analiona. Amusiye akumbukire yekha."

Bambowo anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akusankha kuti amukalipire kapena ayi. Kenako anabwezera foni kukhutu.

"Mayi a mwana, mukundimva? Musamuuze kaye kanthu. Ayi, ndikufotokozerani ndikafika. Inu muli panja? Nanga pa bedipo ali ndi ndani?"

Anamvetsera.

"Mlongo wake? Akumuwerengera chiyani pa foni? Mauthenga a anzake a m'kalasi? Mulandeni! Lowani mumulande foniyo!"

Anayamba kuthamangira kumene anaimika galimoto, makiyi akulira m'manja.

Azakhali aja anati iwo sanadikire kuti wina awaitane. "Ndinamugwira Nyerere pamkono," anatero, "tinawathamangira bambowo asanalize injini, ndinatsegula chitseko cha kumbuyo ndekha, tonse awiri n'kulowa kuti tipite nawo kuchipatalako."